Manja a pa Siling'i ya Apongozi

Alamu anga a Yinsuo ali ndi magolovesi oyera mbee amene amavala akafuna kugwira pepala. Ndati pepala, osati munthu. Mayi awo owabereka anakhala chigonere zaka zambiri miyendo itafa, ndipo amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwatayira mikodzo m'mawa uliwonse ndine Gailan, mkazi wa mng'ono wawo. Alamuwo akabwera kudzazonda matenda ankaima pakhomo, mpango uli pamphuno, n'kufunsa kuti, "Amayi mwadya?" Yankho lisanatuluke, iwo ali kale panja. Koma muwauze kuti m'khola la uje mwapezeka kapepala ka nthawi ya nkhondo, muone liwiro lake! Bambo wamkulu, ndi chimimba chake chija, amagwada m'ndowe n'kumafukula.

Nthenda imeneyi inawagwira atapuma ntchito ya m'boma kutauni. Anayamba kuzungulira pa njinga yamoto midzi yonse ya m'mapiri muno, kufunsa nkhalamba ngati zinasunga mapepala a nkhondo ija inagwetsa boma lakale. Ankafuna zitupa zodutsira pa zipata za asilikali, malamulo olembedwa pamanja, mapu a tinjira ta m'mapiri, chilichonse chokhala ndi chidindo chofiira. Akalipeza pepala amayamba aliika pamphuno n'kutsinzina. Ine ndinawaonapo akununkhiza pepala limene makoswe anakodzerapo zaka zosawerengeka, akumwetulira ngati munthu wamva fungo la nyama yowotcha. Mseru wake! Ankati akasonkhanitsa okwanira adzatsegula nyumba yoonetsera zakale, dzina lawo lili pakhomo.

Chipinda cha amayi chinali chachikale. Kang, bedi lathu la njerwa lija timasonkha moto kunsi kwake, linadya theka la chipinda, ndipo pamwamba panali siling'i ya mapesi a mapira omatidwa mapepala. Chaka Chatsopano chikayandikira, aliyense amaphika phala la ufa wa tirigu n'kumata mapepala oyera pa akuda aja, chaka ndi chaka, mpaka siling'i imakhuthala ngati chikopa. Koma ya amayi inali yakuda bii, chifukwa chimwalirire amuna awo sanalolenso munthu kumatapo kanthu.

Apongozi anga aamuna, a Miao Sanhai, anamata siling'iyo komaliza maso atayamba kale kuwavuta. Burashi sankaiona bwino, ndiye ankangopapasa mapepalawo ndi dzanja lomwe linali phala lokhalokha. Tsikulo palibe chimene chinkaoneka pa siling'i, ndipo iwo anamwalira chaka chomwecho. Kenako utsi wa malasha unayamba kukakamira pomwe panatsala phala paja, ndipo pang'ono ndi pang'ono manja anayamba kutuluka pa siling'i. Linali dzanja lamanja, lowonda, la zala zitatu, poti ziwiri zakumapeto zinapita ndi bomba limene ankakwirira pa msewu ali mnyamata. Manjawo anayambira pakona ya kukhomo, n'kumakhotakhota mpaka kufika pamwamba penipeni pa pilo ya amayi.

Musaganize kuti amayi anali nkhalamba yofatsa, ayi. Phala likatentha ankanditukwana, likazizira ankanditukwana. Akatopa ndi ine ankatembenukira kumwamba n'kuyamba ndi malemuwo.

"Iwe Sanhai, taona mmene unakhotetsera pepala apa. Chitsiru cha munthu, ntchito yako inali ya zala zitatu ndithu."

Munthu wogona chagada tsiku lonse alibe kwina koyang'ana. Tsiku lina ndikuwapesa anandigwira mkono n'kunena kuti, "Gailan, tamvera. Nthawi yanga ikadzakwana musadzandinyamule kupita nane kwina. Ndidzafere pompano, ndikuyang'ana chitsiru changachi." Chinthu chimodzi chokha chimenecho ndi chimene anapempha kwa ife tonse.

Tsoka linabwera ndi khoswe. Anaboola siling'i pakona, ndipo kachidutswa ka pepala kanagwera pa bulangete tsiku lomwe alamu anabwera kudzafunsa ngati amayi adya. Ali pakhomo pawo paja anaona chofiira pa kapepalako. Mpango uja unagwa. Kwa nthawi yoyamba analowa m'chipindamo, n'kukwera pa kang ndi nsapato zomwe, kuwalumpha mayi awo ngati akulumpha chipika, n'kulowetsa tochi pa bowo lija.

"Amayi! Amayi, m'mwamba muno muli chiyani?"

"Manyi a makoswe," amayi anayankha.

"Muli zidindo! Mapepala a nkhondo okhaokha!"

"Ndi a gulu la bambo ako amenewo. Adani atamveka kuti akubwera kudzasecha, bambo akowo anawamata m'mwambamo, zolemba zikuyang'ana kudenga, n'kuphimba ndi oyera."

"Ndiye zaka zonsezi osanena bwanji?"

"Unandifunsa? Iwe umangofunsa ngati ndadya."

Alamu anakhala pansi pambali pawo, mawu atafewa ngati mwana wopempha siwiti. Anati mapepalawo ali m'kati kwenikweni, ndipo kuti atuluke osang'ambika pafunika kunyowetsa siling'i ndi nthunzi n'kumasenda kuchokera pansi, gawo ndi gawo. Anati makoswe akudya mbiri ya dziko tsiku ndi tsiku, ndipo nyumba yawo yoonetsera ija ikuyenera kutsegulidwa chilimwe chisanathe.

"Nanga manjawo?" amayi anafunsa.

"Manja ati? Aaa, mwaye basi umenewo, amayi."

"Ndikafa udzasende mpaka denga. Panopa tsika, ukundipondera bulangete."

Ndinkayesa nkhani yathera pomwepo. Kupusa kwanga! Kuyambira sabata imeneyo alamu anasanduka mwana wabwino. Ankabwera ndi malalanje, ankakhala pa kang osagwira mphuno, ndipo za siling'i sankazitchulanso. Kenako anabwera ndi galimoto yobwereka, nati apeza dokotala wodziwa zilonda za anthu ogonera. Zilondazo zinalipodi, ntchafu yakumanzere inali itanyeka, ndipo ine ndinali nditatopa kupaka mankhwala osathandiza. Amayi anakana, koma alamu analumbira kuti ndi masiku ochepa okha, mwamuna wanga Baosuo naye anavomereza, ine ndemwe n'kuwanyengerera kuti tiyeni, tikangotsuka zilonda tibwerera. Ndinapita nawo ine kukawadikirira, abambo awiriwo anatsala.

Tsiku lobwerera tinapeza anthu pa geti. Amayi a nyumba yoyandikana anathamangira galimoto akuomba m'manja.

"Agogo, muli ndi mwana inu! Ena ana awo angodikira maliro, koma a Yinsuo akukonzerani chipinda ngati cha hotela. Kalowe uone, Gailan!"

Ndinalowa. Siling'i inali ya pulasitiki, yoyera mbee, yoterera, getsi lili pakati. Fungo la utsi linali litachoka, m'malo mwake munkanunkha guluu. Akuluakulu sananame, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anthu anali atawanyamula kale amayi, akuseka, n'kuwagoneka pa malo awo. Amayi anayang'ana kumwamba. Maso awo anayambira pakona ya kukhomo, n'kuyenda pang'onopang'ono njira yomwe ankayenda tsiku lililonse, mpaka kufika pamwamba pa pilo.

"Gailan," anatero motsitsa mawu, "mwandibweretsa m'nyumba ya yani?"

Ndinatuluka panja. Mwamuna wanga ndinamupeza kuseri akunamizira kuwaza nkhuni.

"Zimene munasenda zija zili kuti?"

Sanandiyang'ane. Analoza ndi chibwano ku khola la nkhumba.

Mapepala aja anali ndi phala la ufa la zaka zonse zija, ndiye atanyowa nkhumba inangoona chakudya. Alamu atatenga awo a zidindo, zotsalazo anati ndi zinyalala, n'kukazikhuthulira m'chomwera cha nkhumba. Ndinalumphira m'kholamo ndi zovala zanga za ulendo. Ndinapapasa m'matope, m'ndowe, m'chomweramo, kufuna ngakhale chala chimodzi chokha. Munali phala lakuda lonunkha, ndipo nkhumba inkandikankha ndi mphuno, ulusi wa pepala ukulendewera kukamwa kwake. Ndinasanza momwemo, nkhumbayo n'kubwera kudzadyanso masanziwo.

"Ine ndinangogwira makwerero," Baosuo anatero ali kunja kwa khola. "Achimwene anati akungotseka pamene makoswe anaboola. Mmene ndimazindikira anali atafika pakati."

"Pakamwa panali patatupa?"

"Ndi aakulu, Gailan. Ndikanatani?"

"Ndi aakulu mimba, iwe ndiwe wamkulu mantha. Choka pamaso panga."

Kuyambira tsiku limenelo amayi anasiya kutukwana. Ndinawapatsa dala phala lotentha kuti mwina andilalatire, koma anangotseka pakamwa. Ndinawapatsa lozizira, chimodzimodzi. Ankagona chagada, maso ali pa pulasitiki ija, osaphethira, ndipo madzi ankangolawa. Ine amene ndinkadandaula kwa anzanga kuti nkhalamba iyi idzandipha ndi pakamwa, ndinayamba kulira chifukwa cha bata la m'chipindamo. Nditaona kuti masaya alowa, ndinakwera basi kupita kutauni.

Alamu ndinawapeza m'zipinda zawo ziwiri za lendi, magolovesi ali m'manja, akuwongola pepala ndi kaburashi kofewa. Mapepala a m'siling'i aja anali atayanikidwa pa zingwe ngati matewera.

"Mlamu! Lowani, koma musakhudze kanthu. Taonani ili, lamulo losamutsa ovulala, chidindo chake chonse chilipo. Anzanga a m'kalabu ya otolera zakale akungomeza malovu."

"Mayi anu sakudya."

"Ukalamba umenewo. Mwayesa msuzi wa nkhuku?"

"Alamu, sakudya chifukwa munapatsa nkhumba manja a bambo anu."

Anaika kaburashi pansi n'kupuma mokweza, ngati mphunzitsi wotopa ndi mwana wosamva. Anati ine sindingamvetse, kuti iwo apulumutsa mbiri ya bambo awo ku makoswe, kuti mawa ana asukulu adzadziwa dzina la Miao chifukwa cha iwo. Anati mudzi wonse ukuwayamika chifukwa cha siling'i ija, ndine ndekha wosayamika.

"Mako ndi mako, alamu," ndinatero. "Mapepalawa sanakuyamwitseni."

Anakanda chibwano. Ndinkayesa manyazi awagwira. Kenako nkhope yawo inawala.

"Ndiye vuto ndi manja basi? Mukanangonena. Zimenezo n'zosavuta."

Anandionetsa beseni la tiyi wozizira ndi kambaula pakona. Anati pepala lenileni likakhala lofooka amapanga lina lofanana nalo loti lizionetsedwa, amaliviika m'tiyi, kulifukiza ndi utsi, ndipo ngakhale akatswiri amakanda m'mutu. Ndinamva zimene akutanthauza: ankafuna kupangira amayi manja abodza. Ndinafuna kuwalavulira m'beseni lawolo. Koma ndinakumbukira masaya a amayi, n'kumeza malovuwo. Munthu akamamira amagwira ndi udzu womwe.

M'mawa mwake anabwera ndi mapepala awo a tiyi. Anakhala pa mpando pabwalo, n'kusakaniza phala ndi mwaye wa mu chumuni, kupinda malaya, kenako anatambasula manja onse awiri n'kumawayang'ana.

"Mlamu, paja linali lamanja kapena lamanzere?"

Asanamve n'komwe yankho anafunsanso.

"Ndi zala ziti paja zinaduka?"

Bambo awo owabereka! Dzanja limene linawanyamula, limene linawadyetsa, limene linakhala pamutu pa mayi awo zaka zoposa makumi atatu. Munthu wodziwa pamtima chidindo cha gulu lililonse la asilikali m'chigawo chino sankadziwa zala za bambo ake. Baosuo ndiye anayankha, ndipo ndi yemweyo anamanga zala ziwiri za mkulu wake ndi kansalu. Alamu anaviika dzanja m'phala lakuda lija n'kudinda, kuyang'ana, kupukusa mutu, kudindanso pa lina. Ankaimba kamluzu. Atakhutira anafukiza mapepalawo pa moto wa malasha, akuwatembenuza mosamala ngati akuwotcha mbatata.

Masana amayi atawodzera tinalowa mwakachetechete, alamu n'kumata mapepalawo pa pulasitiki ndi tepi, pamwamba pa pilo. Kunena zoona ntchito anaidziwa. Mtundu wake unali womwewo, ndipo fungo la utsi linabwerera m'chipindamo. Mtima wanga theka unkapempha kuti amayi akhulupirire, theka unkachita manyazi.

"Amayi," alamu anawagwedeza phewa. "Amayi, dzukani muone. Tawapeza! Sanatayike ayi, ndinangowasunga bwino."

Amayi anatsegula maso. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kumva nkhuku zikulira panja. Milomo yawo inagwedera, ndipo ine ndinayandikira, ndikuyembekezera kuti ndimva "chitsiru" uja. Koma maso awo anatsika pa siling'i n'kukaima pa dzanja la alamu, pamene mwaye unali ukadali m'zikhadabo.

"Wanenepa manja, Yinsuo," anatero.

Alamu anaseka pang'ono, n'kubisa dzanjalo m'thumba.

"Gailan, nditembenuze."

"Kumeneko ndi kwa chilonda, amayi. Mumva kuwawa."

"Ndati nditembenuze."

Ndinawatembenuza kuyang'ana kukhoma, chilonda chija chili pansi. Anabuula kamodzi kokha. Masiku otsatirawo ndikafuna kuwagoneka chagada kuti chilonda chipume, ankandikaniza ndi timphamvu tonse tomwe tinatsala, n'kutseka maso mpaka nditawabweza. Anamwalira m'mawa wina ndikuwapukuta kumaso, mphuno itatsala pang'ono kukhudza khoma. Anafera m'chipinda chawo, inde, koma chimene anapempha sanachipeze.

Pamaliro alamu analira kuposa tonse, mpaka anthu ankawagwira. Bokosi lisanatuluke n'komwe pa geti, ndinalowa m'chipinda kukatenga nsalu, n'kuwapeza ataima pa kang, zovala zoyera za maliro zili m'thupi, magolovesi ali m'manja, akuchotsa tepi pang'onopang'ono. Ndinkayesa akubisa manyazi awo, ndiye ndinangotenga nsalu ija n'kutuluka.

Nyumba yoonetsera ija inatsegulidwadi chilimwe chisanathe. Ine sindinkafuna kupita, koma Baosuo anati anthu adzanena kuti pabanja pali udani. Tinapeza ng'oma, maluwa pakhomo, dzina la alamu lili pamwamba ndi zilembo zagolide. Mapepala a zidindo aja anali m'mbali mwa makoma, ndipo anthu ankangowadutsa, poti ndani ali ndi nthawi yowerenga za kusamutsa ovulala. Onse ankakankhana pakati pa chipinda, pamene panali bokosi lagalasi ndi getsi lakelake.

M'bokosimo munali dzanja la alamu, lonenepa lija, zala ziwiri zitamangidwa. Pansi pake analemba kuti ndi dzanja la msilikali Miao Sanhai. Alamu anaima pambali atavala suti, akufotokozera anthu mmene bambo awo anatayira zala pa msewu, mmene utsi unatulutsira dzanjalo pa siling'i, ndi mmene mayi awo analiyang'anira zaka zonse mpaka kutsekera maso pa ilo. Mawu ankawathera pakhosi pamalo oyenera. Amayi ena ankapukuta misozi, aphunzitsi ankauza ana kuti awerame, wina ankajambula ndi foni.

Ndinatembenuka kuti ndimukoke Baosuo tizipita, koma sanali pambali panga. Anali kutsogolo, atagwada pa simenti pamaso pa bokosilo, chipumi chili pansi. Munthu yemwe anamanga yekha zala zija ndi kansalu! Ankalira mapewa akugwedezeka, ndipo anthu ankamupatsa malo, akunong'onezana kuti ndi mwana wamng'ono wa msilikaliyo.

Pobwerera tinakwera basi. Titadutsa mlatho Baosuo anandikhudza pa bondo, maso ali ofiira.

"Gailan, komatu likufananako pang'ono ndi la bambo, eti?"

Ndinatsegula zenera la basi n'kulavula.